Lumbiro ndi Mboni

Munthu wofuna kudziwa kuti lumbiro latsika mtengo motani masiku ano asavutike ndi ulendo wautali. Angobwera pa sukulu yathu ino nthawi ya chakudya cha masana, naima chete pakhomo la nyumba yodyeramo. Mphindi khumi zisanathe adzamva dzina la Mulungu likutchulidwa kawirikawiri kuposa m'tchalitchi tsiku la Sabata. Wina akulumbira kuti m'mbale mwake munali anankafumbwe ambiri kuposa nyemba; wina akulumbira kuti si iye amene anatenga supuni ya mnzake; winanso akunyambita chala, kuchikhudzitsa pansi ndi kuchiloza kumwamba, chifukwa cha chigoli chimene chinalowa kapena sichinalowe pa mpira wa dzulo. Tazolowera kotero kuti mnzathu akanena nkhani osalumbira timamuyesa wabodza, ndipo akalumbira timamuyesa wabodzabe. Tsono funso limene lakhala likundisautsa ndi ili: ngati lumbiro ndi chinthu chopepuka chotere, nchifukwa ninji anthu aakulu, oweruza milandu, abusa ndi atsogoleri a maiko, akukanabe kulitaya?

Agogo anga aamuna, amene anakhala nduna pa bwalo la amfumu a kwathu zaka zambiri, ndiwo anandipatsa poyambira. Iwo amati lumbiro ndi chikole. Munthu akafuna kukongola chimanga nthawi ya njala kwa wina amene samkhulupirira, amasiya khasu kapena mbuzi kuti mwini chimanga akhale ndi pogwira. Chomwechonso munthu amene mawu ake okha sakukwanira amaikapo chinthu china chimene sangafune kutaya: moyo wake, ana ake, kapena mtendere wa akufa ake. Makolo athu ankalumbira pali Mphambe, mwini mabingu ndi ziphaliwali, ndipo ena ankalumbira pa manda a amayi awo. Agogo amati pa unyamata wawo munthu wamkulu ankatha chaka chathunthu osalumbira, ndipo tsiku limene watchula malemu amayi ake pa mlandu, bwalo lonse linkangoti zii, pakuti aliyense ankadziwa kuti munthuyo watulutsa mbuzi yake yotsiriza m'khola. Ife a pa sukulu tikupereka mbuzi imodzimodziyo kakhumi pa tsiku, kwa anthu khumi osiyana, ndipo nchifukwa chake palibe amene akuifunanso.

Koma chikole cha makolo chinalinso ndi mbali yake yoopsa, ndipo sindifuna kuti wina ayese kuti ndikulirira zakale zonse. Mlandu ukavuta, makamaka wa ufiti kapena wa chigololo, mawu ankatha, ndipo ankaitana mapondera kuti asinje khungwa la mwabvi, mtengo womwe uja umene dzina lake lili pa nkhalango ya nyama ya Mwabvi ku Nsanje. Woimbidwa mlandu ankayamba wanena poyera kuti ngati anachitadi chinthucho mwabvi umuphe, ndipo atatero ankamwa. Akasanza ndiye kuti wayera; akafa ndiye kuti mlandu wamgwera, ndipo ngakhale maliro ake sankalira bwino. Nthawi zina ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu. Chomvetsa chisoni nchakuti anthu ambiri osalakwa ankachita kupempha okha kuti amwe, pokhulupirira kuti mwabvi sungaphe munthu wopanda chifukwa. Ndipo wokana kumwa ankaoneka ngati wavomera kale. Ife amene taphunzirako za sayansi tikudziwa kuti m'khungwa limenelo muli chiphe chogwira mtima, ndi kuti kusanza kapena kufa kunkatsata muyeso wa mankhwala ndi mphamvu za thupi la womwayo, zinthu zimene wosinja ankatha kuziyeza ndi maso. Boma la Angerezi linaletsa mwabvi ndi lamulo la za ufiti la chaka cha 1911. Ndikupemphani, anzanga owerenga, kuti musunge mawu aja akuti wokana kumwa ankaoneka ngati wavomera, pakuti tidzakumana nawonso kutsogoloku.

Pa bwalo la amfumu lero palibe mwabvi, ndiponso nthawi zonse zimene ndinatsagana ndi agogo kukamvera milandu sindinaonepo mboni ikupatsidwa Baibulo kuti igwire. Ana a sukulu ena, akangodziwa Chingerezi pang'ono, amati kumeneko ndi kusadziwa malamulo. Ine sinditero. Mboni ya kumudzi imalankhula pamaso pa anthu amene idzakumana nawo mawa ku chitsime, ku dimba ndi ku maliro. Ikanama za malire a munda, pamphasa pomwepo pali nkhalamba imene inalipo tsiku limene anabzala mtengo wa malirewo. Munthu amene anagwidwapo bodza pa bwalo saitanidwanso kukachita umboni, sasankhidwa kukhala nkhoswe, ndipo mwana wake akakafunsira mbeta, akuchikazi amayamba anong'onezana. Chikole chake ndi dzina lake, ndipo osunga chikolecho ndi mudzi wonse. Lumbiro la m'Buku limafunika kwenikweni kumene anthu sadziwana, monga ku khoti la ku boma, kumene woweruza angakhale wochokera ku Karonga, loya wa ku Blantyre, ndi mboni ya ku Ntcheu imene sanaionepo ndi kale lonse, ndipo sadzaionanso mlandu ukatha.

Amayi anga anakumana nazo zimenezi chaka chimene ndinalemba mayeso a Sitandade 8. Dzina langa linalembedwa mosiyana pa mapepala awiri, ndipo anauzidwa kuti apite ku boma akalembetse kalata yolumbirira yonena kuti maina awiriwo ndi a mwana mmodzi. Anayenda ulendo wa tsiku lonse, nalipira ndalama, nakweza dzanja pamaso pa munthu wachilendo amene anadinda chidindo osawayang'ana kumaso. Atabwerako anaseka mpaka misozi, nati, "Ha! Mwana ndinabala ndekha, mudzi wonse ukumdziwa, koma mpaka ndikalumbire kwa mnyamata wamsinkhu wa mlongo wanga wamng'ono!" Komatu mnyamata wa chidindoyo sanalipo tsiku limene ndinabadwa, ndipo analibe nkhalamba ya pamphasa yoti aifunse.

Ndisanalowe m'khoti ndinene pang'ono za malumbiro ena amene sanena za zimene zinachitika koma za zimene zidzachitika. Achemwali anga atakwatiwa m'tchalitchi, malonjezo awo ndi alamu anga sanatenge ngakhale mphindi zisanu, ndipo theka lake silinamveke chifukwa cha nthungululu. Amalume, amene ndi nkhoswe ya banjalo, sanalumbire kanthu mokweza tsiku limenelo. Koma ndi iwo amene amapalasa njinga usiku kukakhala pakati pa awiriwo zinthu zikavuta. Ndikuona kuti lonjezo la ukwati lopanda ankhoswe likanafanana ndi chikole chimene palibe wochisunga. Lumbiro la mtsogoleri wa dziko nalonso ndi lalifupi, koma malamulo aakulu a dziko lathu a chaka cha 1994 akuti munthu, ngakhale atapambana chisankho, sangayambe ntchito ya Pulezidenti asanalumbire poyera pamaso pa Jaji Wamkulu. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 April 2012, dziko linakhala masiku awiri mitima ili m'mwamba, anthu osadziwa kuti ulamuliro ugwera m'manja mwa yani. Koma pa 7 April Mayi Joyce Banda atalumbira ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, msilikali aliyense ndi wapolisi aliyense anadziwa mwini lamulo. Choopsa cha malumbiro otere nchakuti munthu amalumbira za tsiku limene sanalione. Nchifukwa chake timati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane: Herode analumbira pa phwando, pamaso pa alendo, asanadziwe chimene mtsikana uja adzapempha, ndipo pochita manyazi ndi alendowo anasunga lumbiro nataya munthu wosalakwa. Koma za malonjezo ndizisiye pamenepa, pakuti nkhani yanga yeniyeni ndi ya mboni.

Ku khoti mboni isanayambe kulankhula imagwira Baibulo kapena Korani, nilumbira kuti idzanena zoona zokhazokha. Ndipo lamulo likuti munthu wonama atalumbira wapalamula mlandu umene ungamlowetse m'ndende. Motero chikole chili pawiri, china kwa Mulungu, china kwa boma. Kodi zimenezi zimasandutsa wabodza kukhala wonena zoona? Nkhani ya ku Kenya imene tinaipeza pophunzira mbiri ya Afrika ikuyankha, ndipo ndi nkhani yodzala ndi malumbiro kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Mu October 1952 Boma la Angerezi ku Kenya linagwira Jomo Kenyatta ndi anzake, powaganizira kuti ndiwo ankatsogolera gulu la Mau Mau. Gulu limeneli linkamanga anthu ake ndi lumbiro lochitikira mseri, ndipo Azungu ankaopa lumbirolo monga ankaopera mfuti. Mlandu wa anthu asanu ndi mmodzi unakazengedwa ku Kapenguria, malo akutali kumene anthu ambiri sakanatha kufikako, m'nyumba ya sukulu imene anaisandutsa khoti. Mboni imene boma linadalira koposa inali Rawson Macharia, amene analumbira nanena kuti m'chaka cha 1950 anaona ndi maso ake Kenyatta akulumbiritsa anthu. Woweruza anamkhulupirira, ndipo mu April 1953 onse asanu ndi mmodzi analamulidwa kukhala m'ndende zaka 7 akugwira ntchito yakalavulagaga. Patapita zaka zisanu, mu 1958, Macharia yemweyo analemba kalata yolumbirira yonena kuti umboni wake wa ku Kapenguria unali wabodza, ndi kuti anamlonjeza maphunziro ku England ndi ntchito ya boma akabwerako. Taganizani tsono chimene boma linachita. Silinamasule Kenyatta iyayi. Linagwira Macharia nilimuimba mlandu, osati wa zimene ananena ku Kapenguria, koma wa kalata yachiwiriyo, ndipo mu 1959 anamlamula kukhala m'ndende miyezi 21. Kenyatta sanapeze ufulu wake wonse mpaka 1961, ndipo mu 1963 ndiye anatsogolera Kenya pa tsiku lodzilamulira.

Munthu mmodzi analumbira kawiri zinthu ziwiri zotsutsana, ndipo mphezi sinamgwere pa tsiku loyamba kapena lachiwiri. Chimene ine ndikuphunzirapo nchakuti chikole sichigwira ntchito pamene pali wina wokonzeka kulipira mtengo woposa chikolecho, ndi kuti chilango cha boma sichiopsa mboni pamene boma lomwelo ndilo likufuna bodzalo.

Ndikanakhala kuti ndikudziwa nkhani ya Kapenguria yokha, ndikanati lumbiro ndi mwambo wachabe, woyenera kutayidwa pamodzi ndi tsitsi lochita kuvala lija la oweruza. Koma ndinali mu Sitandade 5 pamene dziko lathu lonse linasanduka omvera mlandu. Chisankho cha pa 21 May 2019 chitatha, a Saulos Chilima ndi a Lazarus Chakwera anakadandaula ku khoti kuti mavoti a Pulezidenti sanayende bwino. Oweruza asanu anamvera mlanduwo ku Lilongwe kuyambira August mpaka December, ndipo wailesi zinkaulutsa zonse, womasulira akutembenuzira m'Chichewa. Agogo ankapachika wailesi yawo pa nthambi ya mango, ndipo amuna a m'mudzi mwathu anaiwala bawo. Ine panthawiyo ndinkangogwirapo mawu amodzi, Tipp-Ex, utoto woyera uja wofufutira zolemba umene unapezeka pa mapepala ambiri a zotsatira. Zina zonse agogo ndiwo ankandimasulira madzulo.

Chimene anandionetsa ndi ichi. Mboni za mbali zonse zinalumbira mofanana, kotero kuti lumbiro palokha silikanauza oweruza kuti woona ndani. Koma mboni iliyonse inayamba yalemba mawu ake m'kalata yolumbirira nisainapo dzina lake, ndipo pambuyo pake inkaima kuti maloya a mbali inayo aifunse, zina kwa masiku angapo. Apa ndi pamene lumbiro linkagwira ntchito yake. Mawu a pa bwalo la mpira ali ngati mbuzi yosamanga: ukati uigwire apa yathawira uko, mwini mawuwo nati sindinatero ine. Mawu olumbirira ndi mbuzi yomangidwa pa chikhomo. Ikhoza kukhala yodwala, koma sithawa, ndipo aliyense angathe kuizungulira, kuitsegula pakamwa ndi kuona mano ake. Maloya ankafunsa mafunso amene ngakhale mwana akanatha kufunsa, onga akuti kodi munalipo, kodi munaona ndi maso anu, nanga pepala ili analemba ndani. Ndipo mboni ikayamba kufotokoza zimene inangomva kwa ena, agogo ankamenya ndodo pansi nati, "Kandimverere anakanena za m'maluwa!" Pa 3 February 2020 oweruza anawerenga chigamulo chawo kuyambira mmawa mpaka mdima, nafafaniza chisankhocho, ndipo anthu anavotanso pa 23 June. Sindikulemba izi pokondera chipani chilichonse. Ndikungoti chimene chinathandiza oweruza sichinali dzanja lokwezedwa lija, koma mafunso amene anabwera dzanjalo litatsika.

Zonsezi zikanakhala nkhani za m'mabuku ndi za pa wailesi chabe chikanapanda chimene chinachitika m'hositelo mwathu chaka chatha, m'teremu yachiwiri. Maina sinditchula, pakuti eni ake akadali pano ndipo adzawerenga magazini ino.

Mnzathu wina wa Fomu 3 anataya K30,000 imene makolo ake anamtumizira yogulira nsapato ndi yokwerera basi potsekera sukulu. Anaiika m'sutikesi Loweruka tisanadye nsima ya masana, ndipo pofika madzulo inali itapita. Usiku umenewo mapulifekiti anatseka chitseko, naika Baibulo pa bedi lapakati, nalamula kuti tonse 32 tidutsepo mmodzimmodzi, aliyense aike dzanja lake pa Bukulo ndi kunena kuti ngati ndi iye anaba, achite misala asanalembe mayeso a Fomu 4. Anyamata anadutsa, ena akuseka, ena thukuta lili kamukamu ngakhale anali osalakwa. Mzere unayenda bwino mpaka unafika pa mnyamata wina wamng'ono wa Fomu 1, wochokera kunyanja, amene anaima manja ali kumbuyo.

Iye anati, "Achimwene, ndalamayo sindinatenge. Koma kulumbira sindingalumbire. Bambo anga ndi mpingo wa kwathu anandiphunzitsa kuti Mkhristu salumbira konse."

Pulifekiti wamkulu anati, "Iwe, ukuyesa ndiwe wopemphera kuposa tonsefe? Ika dzanja apa!"

"Pepani achimwene, muwerenge Mateyu 5 m'Buku lomwelo. Sindinatenge, koma dzanja sindiika."

Phokoso limene linabuka simungalimvetse ngati simunagonepo m'hositelo. Anakhuthula bokosi lake pansi: munali sopo, makope, usipa wouma wokulungidwa m'pepala, ndi K2,000. Ena anati ndalamayo wakaikwirira kutchire. Ine ndinali nditadutsapo kale, ndipo nditaima pafupi ndi zenera ndinakumbukira mapondera. Buku loyera linali litasanduka mwabvi. Silinaikidwe pa bedi paja kuti munthu anene chimene anaona ndi kuyankha mafunso, koma kuti lisankhe lokha wakuba. Ndipo monga kale, wokana kumwa anali atavomera. Chimene chinampulumutsa ku zibakera usiku umenewo ndi mlonda, amene anamva phokoso nagogoda pa chitseko ndi chibonga chake.

Nkhani inafika kwa aphunzitsi oyang'anira hositelo, ndipo anati adzaimva Lolemba. Ine ndinaitanidwa ngati mboni, chifukwa Loweruka lija ndinali kuchapa zovala pa mpope pamodzi ndi mnyamatayo. Lamulungu lonse sindinapume. Msuweni wake, wa Fomu 2, ananditsata mpaka kuseri kwa laibulale, misozi ili m'maso, nati, "Achimwene, mukangonena kuti munali naye mpaka belu la chakudya cha madzulo. Inu mukudziwa kuti mwana uja sangabe. Bambo ake anagulitsa ukonde kuti apeze fizi. Akamchotsa sukulu ndiye kuti zatha." Anzake a mwini ndalama nawonso anandipeza, nati, "Aise, iwe unamuona akulowera ku hositelo. Ukanene zomwezo basi, zina usawonjezere."

Zoona zake zinali zosakondweretsa mbali iliyonse. Tinachapira limodzi kuyambira titadya nsima mpaka belu la 3 koloko. Pamenepo iye ananyamula ndowa yake napita kukayanika zovala pa chingwe cha kuseri kwa hositelo, ine ndinapita ku mpira, ndipo sindinamuonenso mpaka 6 koloko m'nyumba yodyeramo. Mumtima mwanga ndinali wotsimikiza, ndipo ndikadali wotsimikiza, kuti mnyamatayo sanabe. Koma kutsimikiza kwa mumtima si chinthu chimene maso anaona, ndipo mboni imaitanidwa chifukwa cha maso ake. Ndikanawonjezera maola atatu aja chifukwa cha chifundo, ndikanasiyana pati ndi Macharia, amene anawonjezera zake chifukwa cha maphunziro a ku England? Mtengo wokha ndiwo ukanasiyana. Ndikanatchulanso za kulowera ku hositelo kokha, osatchula ndowa ndi chingwe, liwu lililonse likanakhala loona, koma umboni wonse ukanakhala bodza.

Lolemba aphunzitsi sanatulutse Baibulo. Anatipatsa pepala aliyense, tonse asanu ndi awiri amene nkhaniyo inkatikhudza, nati, "Lemba chimene unaona iwe mwini, ndi nthawi yake, usaine pansi. Ukatha ndikufunsa pamaso pa anzakowa, ndipo ndikakupeza ndi bodza, chilango cha wakuba chikhala chako." Anyamata anayi amene Loweruka usiku ankafuula kuti mnyamatayo anaoneka akutsegula sutikesi, atagwira cholembera anasowa cholemba. Woyamba anamva kwa wachiwiri, wachiwiri kwa wachitatu, wachitatu kwa wachinayi, ndipo wachinayiyo anati iye anangoti mwina. Mwini ndalama, atafunsidwa, anaulula kuti loko wa sutikesi yake anathyoka kale m'teremu yoyamba. Ndipo zinadziwikanso kuti chitseko cha hositelo chinali chosatseka masana onse, anyamata a m'mahositelo ena akulowa ndi kutuluka monga pa msika. Pepala langa linawerengedwa mokweza, maola atatu aja ali pomwepo osadzaza.

Kenaka aphunzitsi anatembenukira kwa mapulifekiti. Anati malumbiro 31 a Loweruka sanawauze kanthu, pakuti ngati wakuba anali pakati pathu nayenso anaika dzanja, ndipo munthu amene saopa kuba ndalama ya basi ya mnzake saopanso chikuto cha buku. Anatiuzanso kuti mnyamata uja si woyamba kukana. Ku England anthu a mpingo wa Quaker ankalowa m'ndende chifukwa chokana kulumbira, mpaka mu 1695 Nyumba ya Malamulo inawalola kungotsimikiza ndi mawu awo pa nkhani zina. Charles Bradlaugh, amene sankakhulupirira Mulungu, anasankhidwa kukhala phungu wa Northampton mu 1880, koma kwa zaka zingapo ankamthamangitsa m'Nyumbamo chifukwa cha nkhani ya lumbiro. Anthu a kwawo anamsankhanso mobwerezabwereza mpaka analoledwa kukhala pa mpando wake mu 1886, ndipo mu 1888 linakhazikitsidwa lamulo lolola munthu wotere kutsimikiza m'malo molumbira. Makhoti athu, amene anatengera zambiri ku England, amalola chimodzimodzi, ndipo wotsimikiza akanama chilango chake ndi chomwecho cha wolumbira. Ine chinandidabwitsa nchakuti khomo limodzi limeneli linatsegulidwa ndi anthu a mitundu iwiri yosiyana kotheratu, ena oopa Mulungu kwambiri, wina wosamkhulupirira konse. "Tsono inu," anatero aphunzitsi, "mwaumiriza mwana wa Fomu 1 chinthu chimene ngakhale Khoti Lalikulu silingamuumirize." Kuyambira tsiku limenelo analetsa kulumbiritsa anthu m'hositelo.

Ndikanakonda kukuuzani kuti wakuba anagwidwa, koma ndalama ija sinapezeke mpaka lero. Mnyamata uja sanalangidwe, pakuti panalibe umboni womgwira. Koma sanayeretsedwenso, pakuti panalibe mboni ya maola atatu aja. Msuweni wake sanandilankhule mpaka tinatsekera sukulu, ndipo anzake a mwini ndalama anandipatsa dzina lakuti Loya, limene ena mwa inu mukundiitana nalo osadziwa kumene linachokera. Tinasonkha K1,000 aliyense kuti mnzathu apeze yokwerera basi. Mnyamata uja anapereka nawo kuchokera pa K2,000 yake ija, ndipo panapezeka ena onena kuti umenewo ndi mtima ukumtsutsa. Chaka chino ali mu Fomu 2, bedi lake lili pafupi ndi chitseko, ndipo masamu amakhoza kuposa onse a m'kalasi mwake. Pali anyamata awiri kapena atatu amene mpaka pano, akamuona akulowa, amayamba ayang'ana ku masutikesi awo.